Malo a Wolakwiridwa pa Milandu ya Acinyamata: Mbiri ya Cilungamo ca Kubwezeretsa

Mau Oyamba

Pabwalo la mfumu, munthu amene waberedwa mbuzi ndiye amayamba kufotokoza nkhani, ndipo cipepeso cimapita kwa iye. M'khoti la boma zinthu ndi zosiyana: mlandu umakhala pakati pa boma ndi woimbidwa mlandu, wolakwiridwa amangokhala mboni, ndipo faindi imalowa m'thumba la boma. Mu 1977 katswiri wina wa ku Norway, Nils Christie, analemba nkhani yochedwa Conflicts as Property, m'mene ananena kuti maboma ndi maloya analanda mikangano kwa eni ake. M'nkhani ino tilondola m'mene maiko ena anayesera kubwezera mlandu kwa mwini wake, makamaka pa milandu ya acinyamata. Mfundo yathu ndi yakuti m'mbiri imeneyi wolakwiridwa ndiye anakumbukiridwa potsiriza.

Ciyambi ku Canada

Mu 1974, m'tauni ya Elmira m'cigawo ca Ontario, anyamata awiri oledzera anaononga katundu pa malo 22 usiku umodzi, naphwanya mazenera ndi kuboola matayala a magalimoto. Mark Yantzi, amene nchito yake inali kuyang'anira olakwa osatsekeredwa m'ndende, pamodzi ndi Dave Worth wa bungwe la Mennonite Central Committee, anapempha woweruza kuti anyamatawo akaonane ndi anthu amene anawalakwira. Woweruzayo anavomera. Anyamatawo anayenda khomo ndi khomo, namva kudandaula kwa eni katundu, ndipo pambuyo pake analipa zimene anaononga. Apa ndi pamene panayambira njira yokumanitsa wolakwa ndi wolakwiridwa, imene inafalikira ku America ndi ku Ulaya. Komabe tiyenera kuzindikira kuti maganizowa anacokera kwa munthu amene nchito yake inali yokonza wolakwa.

Lamulo la ku New Zealand

Dziko loyamba kuika njira yotere pakati peni-peni pa lamulo la ana linali New Zealand. Amaori, eni nthaka a dzikolo, anali kudandaula kuti boma linali kucotsa ana ao m'mabanja ndi kuwatsekera m'nyumba za boma popanda kufunsa abale. Madandaulowa analembedwa m'lipoti lochedwa Puao-te-Ata-tu, limene komiti yotsogozedwa ndi John Rangihau inapereka mu 1986. Mu 1989 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Children, Young Persons, and Their Families Act, lamulo limene linabweretsa msonkhano wa banja. Pamsonkhanowu pamakhala mwana wolakwa, abale ake, wapolisi ndi wolakwiridwa, ndipo onse amagwirizana za kupepesa, kulipa kapena kugwira nchito yothandiza anthu.

Kodi wolakwiridwa anapindulanji? Gabrielle Maxwell ndi Allison Morris, m'kafuku-fuku wao wa 1993, anapeza kuti olakwiridwa anapezeka pa theka lokha la misonkhano, mwinanso kucepera. Ambiri mwa amene sanabwere sanakane, koma sanaitanidwe, kapena anauzidwa mocedwa, kapena nthawi yake sinawayenere. Mwa amene anabwera, ambiri anati msonkhano unawathandiza, koma pafupi-fupi mmodzi mwa anai alionse anabwerera kwao ali wopwetekedwa mtima koposa poyamba. Munthu amene anathyoleredwa nyumba anali kudzipeza ali yekha pakati pa gulu la abale a mwana amene anamubera. Mu 1994 lamulo linakonzedwa kuti wolakwiridwa azifunsidwa za tsiku ndi malo a msonkhano, ndi kuti azibwera ndi omuperekeza.

Kufika kum'mwera kwa Afirika

Ku South Africa, Child Justice Act ya 2008, imene inayamba kugwira nchito pa 1 April 2010, inalola msonkhano wa banja ndi kukumanitsa wolakwa ndi wolakwiridwa monga njira zopatutsira mwana ku khoti. Malawi anakhazikitsa Child Care, Protection and Justice Act mu 2010. Kuno ku Zambia, lamulo lakale la ana olakwa la mu 1956 linalowedwa m'malo ndi Children's Code Act ya 2022, imenenso imalola kupatutsa mwana ku khoti. Maina a malamulo onsewa amachula mwana, ndipo nkoyenera kutero. Koma cimene cinacitika ku New Zealand cimaticenjeza kuti kuteteza mwana wolakwa sikutanthauza kuti amene analakwiridwa wamvedwa.

Mau Otsiriza

Ife ophunzira ndi ophunzitsa zilankhulo tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi, cifukwa malamulowa analembedwa m'Cingelezi pamene misonkhano yambiri idzacitika m'zilankhulo zathu. Cinyanja cimasiyanitsa kulanga, kulipa, kupepesa ndi kuyanjana. Womasulira akauza mai woberedwa kuti waitanidwa kuti akhululukire mwana, pamene lamulo likuti waitanidwa kuti anene cimene cinamuonongekera, ndiye kuti wamulanda mlandu wake kaciwiri. Makolo anati mlandu suola, ndipo amene amaudziwa bwino mwambi umenewu ndi uja amene sanalipidwe.