Makina Patsogolo, Lamulo Pambuyo: AI m'Masukulu a ku England

Ndimakhala ku Whitmore Reans, dera la mumzinda wa Wolverhampton, pafupi ndi bwalo la mpira la Molineux. Tsiku lina madzulo achemwali anga anapeza mwana wawo, yemwe akukonzekera mayeso a GCSE, akuuza ChatGPT kuti imulembere chimangirizo. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi boma limalola zimenezi?" Ndinasowa chonena. Funso limeneli ndi limene linayambitsa kafukufuku uyu wokhudza nzeru zamakina, zomwe ambiri amazitcha AI.

Ndinayambira pa lamulo la mu 2012 lotchedwa Protection of Freedoms Act. Nthawi imeneyo masukulu ambiri anali atayamba kale kugwiritsa ntchito makina owerenga zidindo za zala pamene ana akulipira chakudya kapena kubwereka mabuku. Lamuloli linati sukulu isatenge chidindo popanda chilolezo cholembedwa cha kholo, ndipo mwana akakana apatsidwe njira ina. Apa makina ndiwo anatsogola, lamulo n'kubwera pambuyo.

Mu 2020 mayeso analephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Bungwe loyang'anira mayeso la Ofqual linakonza ndondomeko ya masamu ya pa kompyuta yomwe inkasintha magiredi amene aphunzitsi anapereka, potengera momwe sukuluyo inkakhozera zaka zam'mbuyo. Zotsatira za A-level zitatuluka pa 13 Ogasiti, magiredi pafupifupi 39 mwa 100 alionse anali atatsitsidwa. Makalasi a ana ochepa, omwe amapezeka kwambiri m'masukulu olipira, sanakhudzidwe kwenikweni. Mwana wakhama wa pa sukulu yomwe inkakhoza movutikira analangidwa chifukwa cha mayeso amene analemba ena. Ophunzira anachita zionetsero ku London, ndipo pa 17 Ogasiti boma linabweza ganizo lake n'kuvomereza magiredi a aphunzitsi. Nduna ya zamaphunziro inali Gavin Williamson, phungu wa South Staffordshire, dera lochita malire ndi Wolverhampton. Ndondomekoyo sinali AI monga tikuidziwira lero, koma inadzutsa funso lomwe likadalipo: makina akalakwitsa, mwana akadandaule kwa yani?

ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Mu Malichi 2023 unduna wa zamaphunziro unatulutsa chikalata cholangiza masukulu za AI. Mwezi womwewo bungwe la JCQ, lomwe limaimira mabungwe olembetsa mayeso, linati wophunzira amene wathandizidwa ndi AI pa ntchito yowerengedwa pa mayeso ayenera kuulula, ndipo kupereka ntchito ya makina ngati yake ndi kubera. Komabe awa ndi malangizo, osati lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Pofika kumayambiriro kwa 2025, England inalibe lamulo lapadera la AI m'masukulu. Inkadalira malamulo omwe analipo kale, monga Data Protection Act ya 2018 yoteteza zinsinsi za anthu, ndipo zambiri inazisiya m'manja mwa sukulu iliyonse.

Mayiko a European Union anatenga njira ina. Lamulo lawo la AI linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024. Limaika makina oyesa ophunzira m'gulu la zinthu zofunika kuziyang'anira kwambiri, ndipo kuyambira pa 2 Febuluwale 2025 limaletsa masukulu kugwiritsa ntchito makina oyeza momwe mwana akumvera mumtima. Britain inatuluka m'bungweli mu 2020, choncho masukulu a ku Wolverhampton sakakamizidwa kulitsatira.

Achemwali ndinawayankha kuti palibe lamulo loletsa mwana wawo kufunsa makina, koma akapereka chimangirizocho ngati chake pa ntchito ya mayeso akhoza kulandidwa malikisi. Ndinawapempha kuti akafunse ndondomeko ya sukuluyo, chifukwa yankho lenileni lili kumeneko. Zimenezi zimandidetsa nkhawa: ana awiri a msewu umodzi, ophunzira pa masukulu osiyana, angathe kuweruzidwa mosiyana pa nkhani imodzi.

Ndikaganiza za kwathu ku Malawi, kumene tsogolo la mwana limadalira mayeso a MANEB, ndimakumbukira mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisadikire Ogasiti wathu kuti tilembe lamulo lonena yemwe adzayankhe mlandu makina akalakwira mwana.