Mabvuto, Cikondi ndi zilembo zimene tinazitaya

Ndikaona dzina la Mabvuto pa Facebook, ndimadziwa kuti pansi pake sipalephera munthu wofunsa kuti b ameneyo akufunanji pamenepo. Koma b ameneyo ngwamkulu kuposa tonsefe, amangwetu.

Tsegulani Buku Lopatulika lakale lija, la 1922, limene ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma. Mupezamo mabvuto, pfuko, Cibvumbulutso. Sikuti amishoniwo ankangowonjezera zilembo mwachisawawa ayi. Bv ndi pf anali mamvekedwe enieni a mawu, ndipo mpaka lero alipo agogo amene mukawatchera khutu bwinobwino mumva b akugunda kaye v asanatuluke. Mwana wobadwa pa nthawi ya njala kapena maliro akamutcha dzina, mphunzitsi kapena mbusa ankalemba zimene wamva, nalembanso momwe Baibulo linamuphunzitsira: Mabvuto.

Nkhani ya c ndiye imandikomera kwambiri. Kale c payekha ankaimira ch wathu wa lero, ndiye Chikondi ankalembedwa Cikondi, Chisomo n'kukhala Cisomo. Nanga ch? Ameneyo anali ndi ntchito yake ina, ya mawu otuluka ndi mpweya amene lero timalemba tch. N'chifukwa chake mapu akale amati Ncheu pomwe ife timati Ntcheu. Ndiye taganizani, zilembo zomwezo, koma agogo ndi mdzukulu akuziwerenga mosiyana.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa 1968, pamene Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha dziko. Bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, c anapatsidwa h wake, ndipo m'mabuku a sukulu bv ndi pf anazimirira. Ku Zambia malamulowo sanawoloke malire, kumeneko mpaka pano amalemba Cinyanja.

Koma dzina si buku la sitandade 3 loti boma lingalisindikize kachiwiri. Linalembedwa kale m'kaundula wa ubatizo, pa satifiketi, pa mwala wa kumanda. Chimene chimandiwawa ine ndi pamene adzukulu akuika chiliza chatsopano n'kuchotsa b uja, ati kukonza. Pamenepo achotsa chizindikiro cha nthawi imene munthuyo anabadwira ndi sukulu imene inamugwiritsa choko. Ndipo mdzukulutuvi amene adzafufuze Mavuto m'mabuku akale a mpingo adzatsegula tsamba ndi tsamba osamupeza.