Chotenthetsera chopindika cha silicone

Chotenthetsera chopindika cha silicone ndi chipangizo chamagetsi chopyapyala, chooneka ngati kamphasa ka labala, chimene amachimata kapena kuchikulunga pa chinthu china kuti chinthucho chitenthe. M'kati mwake muli waya kapena kachitsulo kopyapyala kamene kamatentha magetsi akamadutsamo, ndipo kunja kwake kuli labala wa silicone wolimbitsidwa ndi nsalu ya ulusi wa galasi. Pa Chingerezi chimatchedwa silicone rubber heater. Zotenthetsera zambiri za mtunduwu zimakhala zofiirira ngati njerwa yootcha, ndipo zimapezeka kwambiri m'mafakitale, m'malabotale ndiponso m'kati mwa makina.

Chipangizochi n'chosiyana ndi mbaula yamagetsi kapena hita yoviika m'madzi. Ntchito yake si kutenthetsa mpweya wa m'chipinda, ndiponso sichilowa m'zinthu zimene chikutenthetsa. Kutentha kumachoka pa labalayo n'kulowa mu chitsulo chimene wagundana nacho. N'chifukwa chake kugwira bwino ntchito kwake, komanso kukhalitsa kwake, zimadalira kwambiri mmene chamatirira pa chinthucho.

Mbiri

Chotenthetserachi chinatheka chifukwa cha zinthu zitatu zimene zinatulukiridwa pa nthawi zosiyana.

Choyamba ndi lamulo lofotokoza mmene magetsi amatenthetsera waya. M'zaka za 1840 ndi 1841, wasayansi wa ku England, James Prescott Joule, anasonyeza kuti kutentha kumene waya amatulutsa kumadalira kuchuluka kwa magetsi odutsamo komanso mmene wayayo amakanizira magetsiwo.

Chachiwiri ndi waya wopirira kutentha. M'chaka cha 1906, Albert Marsh wa ku America analembetsa umwini wa chitsulo chosakaniza nickel ndi chromium, chimene masiku ano chimatchedwa nichrome. Chitsulochi chimatha kutentha mpaka kufiira kambirimbiri osaphwanyika msanga, ndipo chimagwiritsidwa ntchito m'zipangizo zambiri zotenthetsera za m'nyumba ndi za m'mafakitale.

Chachitatu ndi silicone weniweniyo. Dzinali linachokera kwa Frederic Kipping, katswiri wa makemikolo amene ankagwira ntchito ku Nottingham, ku England, ndipo anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1901. M'zaka za m'ma 1930, James Franklin Hyde wa kampani ya Corning Glass Works ku America anafufuza za silicone pofuna kupeza chomatira chopirira kutentha choti azipaka pa nsalu ya ulusi wa galasi yokutira mawaya. Mu 1940, Eugene Rochow wa kampani ya General Electric anapeza njira yopangira silicone wambiri pa mtengo wotsika, ndipo cha pa nthawi yomweyo Richard Müller wa ku Germany anatulukiranso njira yofananayo payekha. Mu 1943, makampani a Corning Glass Works ndi Dow Chemical anakhazikitsa kampani ya Dow Corning kuti izipanga silicone. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, labala wa silicone anafala m'mafakitale, ndipo zinakhala zotheka kutsekera waya wotentha pakati pa labala amene sasungunuka.

Kapangidwe

Silicone ndi wosiyana ndi silicon, ngakhale mainawa akufanana. Silicon ndi chinthu chachilengedwe chimene chimapezeka kwambiri mu mchenga, pomwe silicone ndi chinthu chopangidwa m'fakitale kuchokera ku silicon. Mu silicone, maatomu a silicon ndi a okosijeni amalumikizana mosinthanasinthana ngati unyolo wautali. Kulumikizana kumeneku n'kolimba, ndipo n'kumene kumachititsa kuti labala wa silicone apirire kutentha kumene labala wamba sangapirire. Zotenthetsera zambiri za silicone zimagwira ntchito mpaka pa 200°C kapena kupitirirako pang'ono, ndipo labalayo amakhalabe wofewa ngakhale kuzizire kufika pa -50°C. Sadutsitsa magetsi ndiponso salowa chinyontho msanga.

Payekha labalayu amang'ambika mosavuta, choncho amamulimbitsa ndi nsalu ya ulusi wa galasi. Popanga chotenthetsera, amayala chinsalu chimodzi cha labala, n'kuikapo waya kapena kachitsulo kotentha, kenako n'kuphimba ndi chinsalu china. Akatero amazipanikiza pa makina otentha mpaka zonse zitagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Malo amene mawaya obweretsa magetsi amalowera amawakuta ndi chigamba china cha labala, chifukwa ndi pamene pamakokedwa kwambiri.

Mitundu

Pali mitundu iwiri ikuluikulu.

Mtundu woyamba ndi wa waya. Amatenga waya wowonda kwambiri, nthawi zambiri wa nichrome kapena wa chitsulo china chosakaniza ndi nickel, n'kumuzengeza pa chingwe cha ulusi wa galasi. Chingwecho amachiyala mokhotakhota pa labala yense. Mtunduwu umachindikala pafupifupi mamilimita 1.5, umapirira kupindidwa kawirikawiri, ndipo ndi woyenera pa zotenthetsera zikuluzikulu zimene zimamangidwa ndi kumasulidwa pafupipafupi.

Mtundu wachiwiri ndi wa kachitsulo kopyapyala ngati pepala. Amajambula njira yodutsa magetsi pa kachitsuloko, kenako amasungunula mbali zosafunika ndi makemikolo, monga amachitira popanga mabolodi a m'mawailesi ndi m'makompyuta. Mtunduwu nthawi zambiri suchindikala kufika milimita imodzi. Popeza kachitsuloko ndi kotambalala kuposa waya, kamafalitsa kutentha mofanana ndiponso mofulumira. Opanga amathanso kuthinanitsa njira za magetsi m'mphepete, mmene kutentha kumatayika kwambiri, n'kuzitalikitsa pakati. Vuto lake ndi lakuti kachitsuloko kamathyoka kakamapindidwa mobwerezabwereza, choncho mtunduwu umayenera malo amene umamatidwa kamodzi kokha.

Mitundu yonse iwiri ingapangidwe yozungulira, yamakona anayi, yaitali ngati lamba, kapena yokhala ndi mabowo odutsamo mabawuti ndi mapaipi.

Mphamvu yake ndi kawerengedwe kake

Mphamvu ya chotenthetsera imayezedwa m'ma watt. Imapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma volt omwewo, kenako n'kugawa ndi ma ohm, omwe ndi muyeso wa mmene waya amakanizira magetsi. Mwachitsanzo, chotenthetsera cha ma watt 500 chopangidwira magetsi a ma volt 230 chimakhala ndi ma ohm pafupifupi 106.

Kawerengedweka kakusonyeza kuopsa kolumikiza chotenthetsera ku magetsi osayenera. Ku America ndi ku Canada magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 120, pomwe ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain ndi a ma volt 230. Chotenthetsera chopangidwira ma volt 120 chikalumikizidwa ku ma volt 230, mphamvu yake siwirikiza kawiri kokha ayi, koma pafupifupi maulendo 3.7, ndipo chimapsa mwamsanga.

Muyeso wina wofunika ndi wa kuchuluka kwa ma watt pa kachigawo kalikonse ka labala kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Zotenthetsera zambiri zogulitsidwa zopangiratu zimakhala ndi ma watt pakati pa 0.4 ndi 1.6 pa kachigawo kotere. Chotenthetsera cha masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali chili ndi tizigawo 600, choncho pa ma watt 0.8 chimatulutsa ma watt 480. Nambalayi ikakwera, chotenthetseracho chimafunika kumatirira kwambiri pa chitsulo chokhoza kulanda kutenthako msanga.

Nthawi yotenthetsera nayonso imawerengeka. Kuti malita 200 a madzi akwere ndi madigiri 20, pamafunika mayunitsi a magetsi pafupifupi 4.7. Chotenthetsera cha ma watt 1,000 chingatenge maola opitirira anayi ndi theka, ndipo nthawiyo imatalika ngati mgolo sunakutidwe ndi chinthu chosunga kutentha.

Kamatidwe ndi kamangidwe

Mpweya sudutsitsa bwino kutentha. Pakatsala kampata pakati pa labala ndi chitsulo, kutentha kumaunjikana pamalopo, labala amauma n'kuchita ming'alu, ndipo pamapeto pake waya amaduka kapena kuonekera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene zotenthetserazi zimaonongekera.

Pali njira zingapo zochigwiritsira pa chinthu. Zina zimabwera ndi guluu kumsana kwake, ndipo munthu amangomatula pepala n'kumata pa chitsulo choyera ndi chosalala. Guluu wotereyu nthawi zambiri sapirira kupitirira 150°C. Zina amazimata ndi silicone wamadzimadzi amene amauma yekha. Njira yolimba koposa ndi yozimatiratu ku fakitale pa chitsulo chenichenicho pogwiritsa ntchito kutentha ndi kupanikiza. Zotenthetsera zofunika kuchotsedwachotsedwa, monga za pa migolo, zimamangidwa ndi masipuling'i, ngowe, malamba kapena zingwe. Kunja kwake amaphimbako ndi siponji ya silicone kapena ubweya wa galasi kuti kutentha kusathawire mu mpweya.

Kuwongolera kutentha

Chotenthetsera cha silicone sichisiya chokha kutentha. Ngati palibe chochidulira magetsi, chimatha kupitirira malire amene labala angapirire. Njira yosavuta ndi kuikapo thermostat, kaswichi kamene kamadula magetsi kutentha kukafika pa mlingo woikika. Pamene pafunika kulondola kwambiri, amaika sensa monga thermocouple, thermistor kapena Pt100, yomwe ndi sensa ya platinamu yokhala ndi ma ohm 100 pa 0°C. Sensayo imatumiza uthenga ku kachipangizo kowongolera, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi pafupipafupi. Ambiri amaonjezerapo fyuzi yoduka ndi kutentha, kuti iteteze ngati zowongolerazo zitalephera.

Malo oika sensa ndi ofunika. Sensa ikakhala kutali, m'kati mwa mafuta okhuthala amene akuchedwa kutentha, labala akhoza kupsa sensayo isanadziwe. N'chifukwa chake makina ambiri amakhala ndi masensa awiri, wina pa chotenthetsera ndipo wina m'zinthu zotenthetsedwazo.

Ntchito zake

M'mafakitale a zakudya ndi a makemikolo, zotenthetserazi amazimanga ngati lamba pa migolo ya malita 200 kapena kuziyala pansi pa mathanki a malita 1,000. Cholinga ndi kufewetsa zinthu zimene zimalimba kukazizira kuti zithe kupopedwa kapena kutsanulidwa. Mafuta a kokonati amagwirana kutentha kukatsika pansi pa 24°C, ndipo soda wopangira sopo wosakanizidwa theka ndi theka ndi madzi amayamba kuuma pa 12°C. Uchi, phula, girisi, utoto ndi guluu nazonso zimafewetsedwa chimodzimodzi. Uchi umafuna kutentha kochepa, cha m'ma 40°C, chifukwa ukatenthedwa kwambiri umada n'kusintha kakomedwe.

M'maiko ozizira monga Canada, Norway ndi Finland, amazimata pa mapaipi ndi mavalavu kuti madzi asaundane, komanso pansi pa injini kuti oyilo asalimbe usiku. Amatenthetsanso nazo mabatire a lithium-ion, amene amaonongeka akamatchajidwa kuzizira kuli pansi pa 0°C. M'mabokosi a magetsi ndi m'mamota, chotenthetsera chaching'ono chimaletsa mame kuti asapangike pa mawaya.

M'makina osindikiza zinthu a 3D, chimamatidwa kunsi kwa mbale ya aluminiyamu imene chinthu chimaumbidwapo. Pulasitiki wa PLA amafuna mbale yotentha pafupifupi 60°C, pomwe wa ABS amafuna pafupifupi 100°C. Okonza ndege amagwiritsa ntchito mabulangete a silicone poumitsa zigamba za ulusi wa kaboni pa mapiko ndi pa thupi la ndege, nthawi zambiri pa 120°C kapena 177°C, popanda kuchotsa mbali yoonongekayo. M'mafakitale opanga tizipangizo ta m'makompyuta, amakulunga nazo mapaipi otulutsa mpweya kuti zotsalira zisaume n'kutseka mapaipiwo. M'zipatala ndi m'malabotale, zimapezeka m'makina oyeza magazi ndi m'zipangizo zina zofunika kukhala pa 37°C, komwe ndi kutentha kwa thupi la munthu.

Malire ndi ngozi

Chotenthetsera cha silicone sichiyenera kudulidwa kapena kubooledwa, chifukwa waya wake ali ponseponse. Sichiyenera kupindidwa mothyola, kusanjikizidwa chokhachokha, kapena kuyatsidwa chili chokulunga. Ngakhale chimapirira chinyontho, zambiri sizinapangidwe kuti ziviikidwe m'madzi. Petulo ndi mankhwala ena osungunulira utoto amafufumitsa labala wa silicone, ndipo asidi wamphamvu, soda wamphamvu ndi nthunzi yotentha kwambiri zimamuononga.

Pa mgolo, lamba amaikidwa mmunsi mwa pamene zinthu za m'katimo zalekezera, chifukwa mbali yopanda kanthu silanda kutentha. Chivundikiro chimamasulidwa pang'ono kuti mpweya usapanikizane. Migolo ya pulasitiki imafuna zotenthetsera za mphamvu yochepa, apo ayi imasungunuka. Chitsulo chotenthetsedwacho chimalumikizidwa ku waya wopita pansi, ndipo magetsi amadutsa pa swichi yodzidula yokha magetsi akayamba kuthawa. M'malo okhala mpweya kapena fumbi lotha kuphulika mumaloledwa zotenthetsera zokhazo zimene zinayesedwa motsatira malamulo monga ATEX a ku Ulaya kapena IECEx.

Zotenthetsera zina zofanana nacho

Pamene pafunika chinthu chopyapyala ndi chopepuka koposa, amagwiritsa ntchito zotenthetsera za polyimide, pulasitiki amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Kapton. Izi n'zimene zimakonda kuikidwa m'masetilaiti, chifukwa kumalo kopanda mpweya silicone amatulutsa tinthunzi timene tingadetse magalasi ndi masensa. Zotenthetsera za polyester n'zotsika mtengo koma sizipirira kutentha kwambiri. Pa kutentha kopitirira malire a silicone, amagwiritsa ntchito zotenthetsera za mica kapena za dothi lootcha, zimene zimafika madigiri mazana angapo koma sizipindika ngati labala.