Chigafa cha fodya ndi mfundo yachisanu ya Euclid



Mwana wina wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Sala, ndani anatsimikiza kuti ngodya zitatu za triangle zimakwana madigiri 180?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa belu linalira. Yankho lonse ndi ili.

Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria analemba Elements. Anayamba ndi mfundo zisanu zongovomereza popanda umboni, ma axiom, ndipo zina zonse anazimanga pamwamba pake. Zinayi n'zosavuta. Yachisanu masiku ano timainena chonchi: pa kadontho kamene kali kunja kwa mzere wowongoka, pamadutsa mzere umodzi wokha wosakumana nawo. Madigiri 180 aja amachokera pamenepa.

Kwa zaka pafupifupi 2,000 akatswiri anayesa kuitsimikiza kuchokera ku zinayi zija. Saccheri anayesa mu 1733, zinakanika. Lobachevsky mu 1829 ndi Bolyai mu 1832 anaonetsa kuti ukaisintha umapeza geometry ina yosadzitsutsa, momwe ngodya za triangle sizikwana 180. Mu 1899 Hilbert anayalanso maziko onse, kutseka mipata imene Euclid anasiya.

Tsono tibwere kwathu. Mmisiri wa chigafa kuno ku Kasungu amafananitsa mbali ziwiri zazitali, n'kufananitsanso ziwiri zazifupi. Kenaka amakoka chingwe mopingasa, ngodya ndi ngodya, kawiri. Zingwe zikafanana amati nyumba yakhala sikweya, n'kuyamba kukumba maenje a nsanamira.

Paulus Gerdes, amene ankaphunzitsa masamu ku Mozambique, analemba mu 1988 za alimi a kumeneko omwe amachita zomwezi ndi nsungwi. Anaonetsa kuti njira imeneyi ingakhale axiom m'malo mwa yachisanu ija. Zingwe zofanana zimangotsimikiza kuti ngodya zinayi n'zofanana. Kunena kuti iliyonse ndi madigiri 90 ndiko kuvomereza mfundo ya Euclid. Mu geometry ya Lobachevsky rectangle kulibe.

Vuto lathu aphunzitsi ndi loti timapereka ma theorem ngati malamulo oloweza a MSCE, ana n'kumaona ngati geometry ndi ya azungu. Chonsecho ambiri anagwirako chingwe pomanga chigafa cha bambo awo. Teremu ikubwerayi ndiyamba phunziroli panja, ndi nsungwi zinayi ndi chingwe. Amene muyesere kusukulu kwanu mudzandiuze mmene ziyendere.