Kutsekula m'mimba

Kutsekula m'mimba ndi matenda amene munthu amachita chimbudzi chamadzimadzi katatu kapena kuposa apo pa maola 24. Mwana woyamwa amene chimbudzi chake chimakhala chofewa masiku onse sawerengedwa kuti watsekula m'mimba, pokhapokha chimbudzicho chikasintha n'kukhala chamadzi kuposa kale. Kwa anthu ambiri matendawa amatha okha pakadutsa masiku ochepa, komabe ali m'gulu la matenda amene amapha kwambiri ana osakwana zaka zisanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana oposa 400,000 a msinkhu umenewu amamwalira nawo chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo amafa chifukwa chotha madzi ndi mchere m'thupi, n'chifukwa chake chithandizo choyamba ndi kubwezeretsa zimene thupi likutaya.

Mitundu yake

Achipatala amagawa matendawa patatu. Mtundu wofala kwambiri ndi wotsekula zamadzimadzi kwa maola angapo kapena masiku ochepa, ndipo kolera ili m'gulu limeneli. Wachiwiri ndi kamwazi, pamene chimbudzi chimakhala ndi magazi. Wachitatu ndi wokhalitsa, wofika masiku 14 kapena kuposa, umene umachititsa mwana kunyentchera.

Zimene zimayambitsa

Matendawa amayamba tizilombo tochokera m'chimbudzi tikalowa m'kamwa kudzera m'madzi, m'chakudya, m'manja osasamba kapena ntchentche. Kwa ana aang'ono, kavairasi kotchedwa rotavirus ndiko kamayambitsa kwambiri kutsekula koopsa kophatikiza ndi kusanza. Mabakiteriya a E. coli amayambitsa kutsekula kwamadzi, a Shigella amayambitsa kamwazi, pomwe a Vibrio cholerae amayambitsa kolera. Palinso tizilombo ta Giardia ndi Cryptosporidium. Nthawi ya dzinja, madzi osefukira akamakokolola zonyansa kulowetsa m'zitsime ndi m'mitsinje, matenda oyamba ndi mabakiteriya amachuluka. Ana onyentchera, ana odwala chikuku ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV amadwala kwambiri ndipo amachedwa kuchira.

Makolo ambiri amakhulupirira kuti mwana amatsekula m'mimba chifukwa cha kumera mano. Mano sayambitsa matendawa. Zimangochitikira pamodzi chifukwa pa msinkhu umenewo mwana amayamba kukwawa, kutola zinthu n'kuika m'kamwa ndiponso kudya zakudya zina kuwonjezera pa bere. Mwana wotere amafunika chithandizo chofanana ndi wina aliyense.

Kutha kwa madzi m'thupi

Tsiku lililonse m'matumbo mwa munthu wamkulu mumadutsa madzi pafupifupi malita 9, kuphatikiza zimene wamwa, malovu, ndulu ndi timadzi tina togaya chakudya. Matumbo amayamwa pafupifupi madzi onsewo n'kuwabwezera m'magazi. Tizilombo tikawononga khungu la m'kati mwa matumbo, kapena tikatulutsa poizoni wochititsa matumbo kukha madzi, madziwo amatayika pamodzi ndi mchere wa sodiamu ndi potaziyamu. Mwana amatha madzi msanga chifukwa thupi lake ndi laling'ono ndipo sangathe kukatunga yekha madzi akumwa.

Zizindikiro zoyamba ndi ludzu lalikulu, kulira kosatonthozeka, kuuma m'kamwa, kukodza pang'ono ndi kulowa kwa maso. Khungu la pamimba likatsinidwa limachedwa kubwerera. Kwa khanda, liwombo limalowa m'kati. M'madera ambiri kulowa kwa liwombo kumatengedwa ngati nthenda payokha ndipo ena amapaka mankhwala pamutu, koma ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi, ndipo liwombo limabwerera mwana akalandira madzi okwanira. Zikafika poipa, wodwala amalefuka, amalephera kumwa kapena kuyamwa, manja ndi mapazi amazizira, ndipo akhoza kukomoka. Wodwala kolera akhoza kufika pamenepa pa maola ochepa chabe.

Mmene ORS amagwirira ntchito

ORS ndi ufa wa mchere ndi shuga umene umasungunulidwa m'madzi aukhondo. Ku Malawi anthu ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Thanzi ORS. Khungu la m'matumbo lili ndi timakomo timene timalowetsa sodiamu pokhapokha akabwera limodzi ndi shuga wa gulukosi, ndipo sodiamu akalowa, madzi amamutsatira. Timakomo timeneti timagwirabe ntchito ngakhale munthu akudwala kolera. Madzi okha sabwezeretsa mchere wotayika, ndipo mchere wopanda shuga sulowa bwino m'thupi lodwala.

Paketi yosungunula mu lita imodzi, malinga ndi muyezo umene WHO ndi UNICEF amalimbikitsa, imakhala ndi magalamu 13.5 a gulukosi, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a potaziyamu kulolayidi ndi 2.9 a sodiamu sitireti. Muyezowu ndi wofunika. Shuga akachuluka amakoka madzi kuchoka m'thupi kulowa m'matumbo, kutsekulako n'kuwonjezeka. Ichi n'chifukwa chake zakumwa zoziziritsa kukhosi, majuwisi otsekemera ndi tiyi wothira shuga wambiri sizilowa m'malo mwa ORS. Mchere ukachulukanso ukhoza kukomola mwana. ORS saletsa kutsekulako nthawi yomweyo. Ntchito yake ndi kusunga madzi m'thupi mpaka matumbo atachira.

Mbiri ya chithandizochi

Kale wodwala wotha madzi ankapulumuka ndi diripi yokha, yomwe inkapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Mu 1960 wasayansi wa ku America, Robert Crane, anafotokoza kuti gulukosi ndi sodiamu zimalowera pamodzi m'matumbo. Mu 1968 madokotala David Nalin ndi Richard Cash, amene ankagwira ntchito ku Dhaka, anaonetsa kuti odwala kolera omwetsedwa madzi a mchere ndi gulukosi ankafuna madiripi ochepa kwambiri.

Umboni waukulu unapezeka mu 1971, pa nkhondo yomenyera ufulu wa dziko la Bangladesh. Kolera inabuka m'misasa ya anthu othawa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India, ndipo madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kusungunula mchere ndi gulukosi m'migolo, achibale a odwala n'kumawamwetsa ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa anthu osakwana 4. Mu 1978 WHO inayambitsa ndondomeko yolimbana ndi matenda otsekula m'mimba yodalira ORS, ndipo m'zaka za m'ma 1980 bungwe la BRAC la ku Bangladesh linatumiza amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa mabanja mamiliyoni kakonzedwe kake.

Chithandizo cha pakhomo

Paketi yonse imathiridwa m'madzi owiritsa kapena othira mankhwala, okwana muyezo wolembedwa papaketipo. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Pamene paketi palibe, mu lita imodzi ya madzi aukhondo amathiramo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, onse osasefukira. Madziwo asawawe mchere kuposa misozi. Otsala amatayidwa pakatha maola 24.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amapatsidwa mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 amapatsidwa mamililita 100 mpaka 200, ndipo wamkulu amamwa mmene angathere. Khanda limamwetsedwa ndi supuni, pang'onopang'ono. Mwana akasanza, womusamalira amadikira mphindi 10 kenako n'kuyambiranso mosafulumira.

Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana azipatsidwanso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20 patsiku, kapena 10 kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amachepetsa mpata woti abwerenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, choncho mapiritsiwo amayenera kumalizidwa ngakhale mwana wachira.

Kumana wodwala chakudya poganiza kuti m'mimba mupume kumangomufooketsa. Mwana apitirize kuyamwa pafupipafupi, ndipo amene anayamba kudya apatsidwe phala, nthochi, mpunga ndi msuzi, pang'ono koma kawirikawiri. Akachira amafunika chakudya chowonjezera kamodzi patsiku kwa milungu iwiri kuti abwezeretse thupi.

Mankhwala opha mabakiteriya sathandiza pa kutsekula koyamba ndi mavairasi. Amaperekedwa ndi achipatala pa kamwazi, kolera yoopsa ndi matenda ena odziwika. Kugula Flagyl kapena makapisozi pagolosale nthawi iliyonse m'mimba mukavuta kumachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala. Mapiritsi oletsa kutsekula monga loperamide saperekedwa kwa ana aang'ono kapena kwa munthu wa kamwazi.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Wodwala amafunika kuonedwa ndi achipatala mwachangu ngati chimbudzi chili ndi magazi, akusanza chilichonse, akulephera kumwa kapena kuyamwa, walefuka kapena akukomoka, thupi latentha, kapena sakusintha pakatha masiku atatu. Khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wonyentchera ndi nkhalamba sayenera kudikira. Chimbudzi chochuluka chooneka ngati madzi otsukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera, ndipo wodwalayo azimwa ORS ali pa ulendo wa kuchipatala. Kumeneko wotha madzi pang'ono amamwetsedwa mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake kwa maola anayi, pomwe wotha madzi kwambiri amaikidwa diripi. M'midzi yakutali ndi chipatala ku Malawi, alangizi a zaumoyo amapereka ORS ndi zinki kwa ana osakwana zaka zisanu.

Kapewedwe

Njira zazikulu ndi kumwa madzi owiritsa kapena othira kulorini monga WaterGuard n'kudikira mphindi 30, kuwasunga m'chiwiya chovindikira, kugwiritsa ntchito chimbudzi ndi kutayamo chimbudzi cha ana, komanso kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, pomaliza kusintha mwana thewera, pokonza chakudya ndi pofuna kudya. Mpondagiya womangidwa pafupi ndi chimbudzi amathandiza kusamba ndi madzi oyenda m'malo mosambira m'beseni limodzi. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi kumateteza khanda kwambiri.

Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa rotavirus mu Okutobala 2012, ndipo Zambia inamufikitsa m'dziko lonse mu 2013. Katemerayu ndi wodontheza m'kamwa ndipo amaperekedwa kusikelo ya ana. Palinso katemera wakumwa wa kolera, amene amaperekedwa m'madera momwe mliri wabuka kapena ukuopedwa. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a Malawi ndipo pofika mu 2023 unali utapha anthu oposa 1,700.