Mbiri ya Kawerengedwe ka Madawunilodi pa Webusaiti

Kuwerenga mafayilo amene anthu apanga dawunilodi pa webusaiti kunayambira pa kaundula wa seva. Seva ya NCSA, yomwe inatuluka mu 1993 ku yunivesite ya Illinois, inkalemba mzere umodzi nthawi iliyonse wina akapempha fayilo. Pamzerepo pankakhala adiresi ya kompyuta yopemphayo, tsiku ndi nthawi, dzina la fayilo, nambala yosonyeza mmene zayendera, ndi kukula kwa zotumizidwazo. Mizereyo itachuluka, panabwera mapulogalamu oisanthula: Analog ya Stephen Turner mu 1995, Webalizer mu 1997, ndi AWStats mu 2000.

Kaundulayo sankasiya kanthu, ndipo vuto linagona pomwepo. Maloboti a makampani ofufuzira zinthu ankalowa m'gulu la anthu. Fayilo yaikulu ya PDF inkapita m'zigawozigawo, chigawo chilichonse ndi mzere wake wa nambala 206, moti munthu mmodzi ankaoneka ngati khamu. Pofuna kukonza zoterezi, osindikiza magazini a sayansi ndi oyang'anira malaibulale anayambitsa bungwe la COUNTER mu 2002. Limodzi mwa malamulo ake n'lakuti munthu akapempha PDF yomweyo kawiri pasanathe masekondi 30, iwerengedwe kamodzi.

Njira yachiwiri inali yoika kachidutswa ka JavaScript pa tsamba lililonse, kamene kamatumiza uthenga tsambalo likatsegulidwa. Inafala kwambiri Google itagula kampani ya Urchin mu 2005 n'kutulutsa Google Analytics yaulere mu Novembala chaka chomwecho. Maloboti anachepa m'ziwerengero, koma madawunilodi nawonso anasowa, chifukwa kachidutswako sikangaikidwe m'kati mwa PDF, ZIP kapena MP3. Eni mawebusaiti anayamba kunamiza pulogalamuyo kuti kudina linki ya fayilo kuzioneka ngati kutsegula tsamba, kenako anayamba kukulemba padera ngati chochitika. Pulogalamu ya Piwik, yomwe inayamba mu 2007 ndipo inasintha dzina kukhala Matomo mu 2018, inkalemba madawunilodi yokha. Google inatsatira mu 2020 ndi Google Analytics 4, yomwe imalemba file_download munthu akadina linki ya fayilo.

Mpaka lero njira ziwirizi sizipereka chiwerengero chofanana. JavaScript imaona kudina kokha, ngakhale netiweki itaduka fayilo isanafike, ndipo siona munthu amene walandira linki ya fayiloyo pa imelo kapena pa WhatsApp. Kaundula wa seva amaona zonse zotuluka, ndi za maloboti zomwe. Palibe mwa njirazi imene imasonyeza ngati fayiloyo inatsegulidwa n'kuwerengedwa.