Khansa ya m'matumbo: nkhawa yoti ibweranso ndi zoyenera kusintha pakhomo

Munthu akachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo aakulu n'kumaliza mankhwala, ife apabanja timaona ngati nkhani yatha. Mwini wakeyo amatsala ndi funso loti, kodi ibweranso? Nkhawayi ndi yofala, ndipo imakula tsiku la kuchipatala likayandikira kapena m'mimba mukangopota pang'ono. Ena imawalimbikitsa kudzisamalira, koma ena imawathawitsa kuchipatala poopa kumva zoipa.

Khansa imeneyi ikati ibwerenso, kawirikawiri imatero m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Zikadutsa zaka zisanu chiopsezo chimachepa kwambiri. N'chifukwa chake madokotala amaitana wodwalayo pafupipafupi poyamba: amayeza magazi kuona mlingo wa CEA, amajambula m'mimba ndi pachifuwa, ndipo pakatha pafupifupi chaka amaunika matumbo ndi kachipangizo ka colonoscopy. Kuchokera ku Mangochi kapena ku Nkhotakota kukafika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central ndi ndalama zambiri, choncho banja liziyamba kusonkha tsikulo lisanafike.

Kunyanja kuno magazi m'chimbudzi timafulumira kunena kuti ndi likodzo kapena kamwazi. Zikhoza kukhala choncho, koma amene anadwalapo khansa asangogula mankhwala pagolosale. Magazi, kuonda kosadziwika bwino, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba kwa milungu ingapo, zonsezi n'zokaonetsa kwa dokotala osadikira tsiku lomwe anapatsidwa.

Pa zimene munthu angasinthe yekha, umboni wamphamvu uli pa kulimbitsa thupi. Kafukufuku wa CHALLENGE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2025, anatsatira anthu 889 omwe anali atamaliza chemotherapy. Mwa amene anathandizidwa kuchita masewera olimbitsa thupi kwa zaka zitatu, pafupifupi 80 pa 100 alionse anafika zaka zisanu ali moyo khansa isanabwerenso, pomwe mwa amene anangopatsidwa malangizo olembedwa anali 74. Ambiri ankangoyenda ndawala. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo kuyenda wapansi popita kumzikiti kapena kudoko kumawerengedwa ngati mtima ukugunda mofulumirirapo.

Pa zakudya tili ndi mwayi: usipa, utaka, nyemba, nandolo ndi masamba tili nazo, ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera. Zochepetsa ndi soseji ndi poloni, ngakhale zikhale halaal, popeza mu 2015 bungwe la IARC linaika nyama zokonzedwa chotere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Nyama ya mbuzi ndi ya ng'ombe isapitirire pafupifupi theka la kilogalamu yophika pa mlungu, zomwe zimavuta masiku a Qurbani. Fodya asiyiretu. Amene wangochitidwa kumene opaleshoni awonjezere nyemba ndi mgaiwa pang'onopang'ono.

Amene anaikidwa kathumba kotulukira chimbudzi pamimba asaleke Swala poganiza kuti ndi wodetsedwa. Ma Ulama ambiri amamuika m'gulu la anthu okhala ndi vuto losalekeza, omwe amapanga wudhu pa nthawi ya Swala iliyonse n'kuswali. Za kusala m'mwezi wa Ramadhan akambirane ndi dokotala mwezi usanaoneke, chifukwa ena okhala ndi kathumba amataya madzi ambiri m'thupi, ndipo wodwala analoledwa kudzabweza masikuwo akapeza bwino.